Makandulo Opindika

Don Melitón sankagwira chinthu asanayambe wachikhudza ndi kuseri kwa dzanja. Kapu ya khofi, chitseko, chiwongolero cha galimoto yawo yakale ija, zonse ankayamba aziyeza ngati mayi woyeza malungo a mwana. Anthu a pafakitale ankati pa tsiku la ukwati anatero ndi mkwatibwi, wansembe akuona. Iwo sankaseka, sankakwiyanso. Ankangoti, "Chitsulo sichinama. Ukachifunsa bwino chimakuuza kumene chagona."

Zaka makumi awiri ndi zitatu anazithera pa makina amodzimodzi. Fakitale yathu ili kunja kwa Querétaro, pa msewu wopita ku bwalo la ndege, ndipo timaumba zimene timazitcha mitima: tizidutswa toyera ta dothi, totalika ngati chikhatho, topyapyala ngati bisiketi. Ufa wa mwala amausakaniza ndi phula lotentha, makina n'kufinyira phalalo m'chikombole chachitsulo, kenako n'kuwotcha mu uvuni masiku anayi. Kwina kutali amathira chitsulo chosungunuka mozungulira mtimawo, pomaliza n'kuuchotsa, ndipo chotsala ndi phiko la m'injini ya ndege lokhala ndi tinjira ta mphepo m'kati mwake.

Ine ndine Otilia Barragán, ndipo ntchito yanga ndi ya maso. Ndimakhala pansi pa nyale ndi galasi lokuza zinthu, kusakasaka ming'alu yochepa kuposa tsitsi. Sukulu ndinalekeza panjira, koma pa zaka khumi ndi zinayi palibe mtima wosweka umene unandipulumuka.

Lolemba lija, pa 15 Disembala, tinangoyamba ntchito belu n'kulira. Alonda anatseka geti ndi unyolo. Anatisonkhanitsa tonse m'kantini, anthu makumi asanu ndi atatu m'chipinda cha anthu makumi anayi, mafoni athu n'kuwaika m'beseni. Mawindo a m'kantini satseguka. Bwana wa fakitale, Injiniya Villaseñor, anakwera pa mpando, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Chikombole nambala 4471 chasowa," anatero. "Si chathu, ndi cha makasitomala akunja. Padziko lonse chilipo chimodzi. Palibe amene atuluke muno apolisi asanamalize."

Wina kumbuyo anafunsa ngati kukodza n'kololedwa. Palibe anaseka.

* * *

Wapolisi wofufuza anali bambo wamtali, wotopa m'maso, dzina lake Zepeda. Anaika tebulo pakona, pafupi ndi mpopi wosambira m'manja, ndipo popeza ine ndinakhala pa benchi yoyandikira, ndinamva zonse. Woyamba kuitanidwa anali Don Melitón.

"Pepala ili likuti Lachinayi, nthawi ya 2 koloko masana, munachotsa chikombolecho pa makina n'kukachibweza ku sitolo ya zipangizo. Siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, bwana."

"Ndiye munachibweza."

"Sindinachibweze."

Zepeda anaika cholembera pansi. "Munasainira bodza?"

"Ku sitolo kuja kumazizira ngati kumanda. Mwezi uno ukatenga chikombole kumeneko n'kuchimanga pa makina, phala limauma lisanafike m'mbali mopyapyala, mitima khumi yoyamba n'kutaya. Ndiye ndimachigoneka m'kabati yotenthetsera, kuseri kwa makina anga. Chimagona mofunda, Lolemba chimadzuka chokonzeka. Pepala ndimangosaina kuti anthu a mu ofesi agone tulo."

"Zimenezo n'zosemphana ndi malamulo athu!" Villaseñor analowerera.

"Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikutero, Injiniya, ndipo inu mwakhala mukundiyamikira kuti sinditaya mitima."

Zepeda anatsegula tsamba lina. "Lachinayi lomwelo munatuluka pageti ndi mgolo m'galimoto. Munali chiyani?"

"Zoswekasweka za mu uvuni. Ndimathira pabwalo kwathu chifukwa cha matope. Mayi a kunyumba saona bwino, amaterereka."

"Mlonda anaufufuza mgolowo?"

"Nabor? Afufuze chiyani, zinyalala?"

"Lachisanu simunabwere kuntchito."

"Linali tsiku la Amayi Maria a ku Guadalupe. Ndinali kwathu ku Amealco, ndimaimba zeze kutchalitchi chaka chilichonse. Mudzi wonse unandiona."

"Kumene munali Lachisanu sikukundikhudza, bambo. Chitsulo cholemera ngati thumba la simenti lodula pakati sichidutsa pageti pali makina olira akamva chitsulo. Sabata yonse galimoto imodzi yokha ndiyo inatuluka osaifufuza, ndipo ndi yanu."

Apolisi atatulutsa maunyolo, Don Melitón anawakhudza kaye ndi kuseri kwa dzanja, kenako n'kupereka mikono. Podutsa pa benchi yanga anaima.

"Oti, mwana wanga, ukamuuze Chayo, mkazi wanga, kuti mankhwala a m'maso ali pamwamba pa firiji. Madontho awiri, osati atatu. Akakuuza kuti atatu usamvere."

Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, ndi matenda a shuga. Tonse m'kantinimo tinkadziwa kuti akalowa m'ndende sadzatulukamo akuyenda.

* * *

Zepeda anati aliyense afunsidwabe, choncho geti linakhala lotseka. Kuchimbudzi ankatiperekeza mmodzimmodzi, ndipo amene anandiperekeza ine anali Nabor, mlonda wa pageti, munthu wa korona m'thumba ndi mtanda pakhosi. Ankayenda ngati wanyamula maliro.

"Wamugulitsa mkulu uja," ndinatero tili m'khonde.

"Ine? Mulungu ali kumwamba, Doña Oti, ndangoyankha zimene andifunsa. Mgolo sindinaufufuze, inde. Ndikananama?"

"Ndipo palibe china chinatuluka osachifufuza?"

"Palibe! Ngakhale mphika wa ku kantini wa matamale, mikate ya chimanga ija, ndimauvundukula. Ngakhale chikwama cha Injiniya."

"Makina olira aja sunawazimitsepo?"

"Ndiwazimitse bwanji? Pokhapokha..." Anadzilemba chizindikiro cha mtanda. "Koma zija sizowerengera."

"Ziti?"

"Lachisanu, pa mdipiti. Machira a Amayi Maria ali ndi misomali, ali ndi zogwirira zachitsulo. Mukufuna makina alire ngati agwira mbala Amayi akudutsa? Chaka chilichonse ndimazimitsa mphindi zisanu, ndimavula chipewa, ndimagwada. Abambo anga ankatero ku fakitale ya nsalu, inenso ndimatero."

"Wamuuza wapolisiyo?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Wandifunsa za magalimoto ndi za anthu. Amayi Maria ndi galimoto? Mukufuna ndikanene kuti Amayi a Mulungu anatuluka ndi katundu wakuba pansi pa chovala? Lowani msanga, Doña Oti, musandichimwitse."

Ndinalowa, ndinatseka chitseko, ndinaima osachita chilichonse. Dzanja langa linali m'thumba la epuloni, ndipo m'thumbamo munali kiyi kakang'ono ka mkuwa.

Chaka chino ndine ndinasankhidwa kusamalira guwa la Amayi Maria la pafakitale. Maluwa, nsalu, makandulo, zonse zinali m'manja mwanga. Machira amene timanyamulira chifanizo chawo ali ndi bokosi pansi, lobisika ndi nsalu yobiriwira, momwe timasunga makandulo a pa Misa. Bokosilo lili ndi loko. Kiyi wake ndi mmodzi.

* * *

Masana anatipatsa mpunga ndi nyemba tili momwemo. Mpweya unali utalemera ndi fungo la masokosi ndi mantha. Ndinakatenga mbale yanga n'kukakhala pafupi ndi Pancracio wa ku uvuni, amene tonse timamutcha Chimimba. Ndi mmodzi mwa amuna anayi amene ananyamula machira Lachisanu.

"Wabwera kudzandifunsira, Oti? Wachedwa, ndinatengedwa kale. Koma ukandipatsa nyemba zakozo tikhoza kukambirana."

"Tenga. Phewa lachira?"

"Lachira kuti? Taona!" Anakoka kolala. Panali chilonda chofiirira, chotalika ngati chala. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndawanyamula Amayi, sanandichitepo zotere. Chaka chino ananenepa. Ndinawanong'oneza ndili pansi pawo, ndinati, Amayi, matamale a kumwamba achepetseni."

"Mwina ndiwe wakalamba."

"Ndinaganizanso choncho. Koma pobwerera, Misa itatha? Opepuka ngati nkhunda! Ndinauza anzanga kuti mwaona, popita ananyamula machimo a fakitale yonse, wansembe wawatsitsa." Anaseka, mpunga n'kuthothoka pakamwa. "A Villaseñor okha anali theka la katunduyo."

"Anzako anadandaulanso?"

"Awiri a kumbuyo ankatukwana chamumtima. Mwamuna wako yekha ndiye sanadandaule. Ankangoti tiyeni, tiyeni, changu, ngati tikuthawa mvula. Rutilio wako wasanduka wopemphera, Oti. Lachisanu lija ine ndinafika mamawa kudzayang'ana uvuni, ndinampeza ali kale paguwa, wagwada pansi pa machira ndi sipanala. Akuti akumanga zogwirira. Wamudyetsa chiyani?"

Ndinadzuka, mbale ndinamusiyira.

Rutilio anali mbali ina ya kantini, akusewera makhadi ndi anzake a ku zokonzakonza. Ndi iye amene amamanga ndi kumasula zikombole pa makina onse. Anandiona, anakweza nsidze kundifunsa ngati ndili bwino. Ndinagwedeza mutu. Takhala m'banja zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo aka kanali koyamba kumuyang'ana momwe ndimayang'anira mtima pansi pa nyale.

Lachisanu m'mawa, ndikuphika phala la chimanga lotchedwa atole, anandipempha kiyi. Anati chogwirira chimodzi chikugwedera, afunika kuchimanga cham'kati mwa bokosi. Ndinampatsa osatembenuka n'komwe, ndipo anandibwezera madzulo ake.

* * *

Nthawi yanga yofunsidwa inakwana cha m'ma 3 koloko.

"Mayi Barragán. Woyang'ana ming'alu." Zepeda anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Akuti muli ndi maso akuthwa kuposa onse muno. Mwaonapo chachilendo?"

"Ine ndimaona zimene andiikira patebulo."

"Mkuluyu mumamudziwa bwino?"

"Ndi amene anandiphunzitsa kugwira mtima osauswa. Sanabepo ngakhale supuni."

"Onse akunena choncho. Koma anasainira bodza, ndipo anatuluka ndi mgolo." Anapikita m'maso. "Ndikuuzeni zoona, mayi, nkhaniyi sikundikomera. Wakuba wanzeru savomera kuti pepala lake ndi labodza. Koma akuluakulu akufuna dzina lero, ndipo dzina ndili nalo. Kuti ndimumasule pakufunika chinthu chogwirika chosonyeza kuti chitsulocho chinali chidakali muno iye atapita ku Amealco. Osati nkhani. Chinthu."

Kiyi ankanditentha pantchafu. Ndikanangotulutsa n'kuika patebulo. Koma kiyiyo anali wanga, guwa linali langa, ndipo mwamunayo anali wanga. Ndinkakhala m'nyumba yomangidwa pa malo a apongozi anga, kuseri kwa mpanda umodzi ndi alamu anga atatu. Ndinalibe pothawira ngakhale pa kona.

"Ndilibe chonena," ndinatero.

Anakankha kakhadi kokhala ndi nambala yake patebulo. "Mawa 9 koloko m'mawa ndikumupereka kwa woweruza. Akangodutsa pamenepo, si wanganso."

Atatsegula geti, anthu anathamangira ku beseni la mafoni. Ine ndinapita kuguwa, pakona pa nyumba ya makina, ndinagwada. Palibe amene amafunsa mkazi wogwada. Machira anali pambali, ophimbidwa. Ndinalowetsa mutu pansi pa nsalu yobiriwira n'kutsegula loko.

M'bokosimo munalibe kanthu. Koma fungo linalimo, la mafuta amene timapopera m'chikombole kuti mtima usakakamire. Fungo limenelo ndingalizindikire ngakhale ndili m'manda. Pa thabwa la pansi panali banga la mafuta la ngodya zinayi, ndi mikwingwirima iwiri yatsopano pomwe chinthu cholemera chinakokedwa.

Banga si umboni. Aliyense akhoza kunena kuti ndalipaka ndekha. Koma ndili chigwadire pomwepo ndinakumbukira makandulo.

* * *

Lachisanu lija tinanyamula Amayi pamapewa mpaka kunja kwa geti, n'kuwakweza pa galimoto ya Rutilio kupita ku tchalitchi cha parishi. Kumeneko chifanizo anachilowetsa m'kati, machira n'kutsala m'galimoto, imene Rutilio anakaimika kuseri. Nditafuna kukatenga makandulo, anandiletsa. Anati, khala, ndikutengera. Anabwera nawo m'pepala, khumi ndi awiri, ndipo theka lake anali opindika ngati nthochi. Ndinatukwana mwini sitolo amene anandigulitsa, ndinagula ena pakhomo pa tchalitchi, onse khumi ndi awiri aja ndinabwera nawo kunyumba kuti ndikamuponyere kumaso. Misa yonse Rutilio sanalowe. Anati akulondera galimoto.

M'mawa umenewo kunkazizira moti tinkatulutsa utsi m'kamwa. Kandulo apindika bwanji pa kuzizira kotero? Funso limenelo sindinadzifunse. Ine, wa maso akuthwa.

Ndinafika kunyumba Rutilio asanafike, chifukwa anatsalira kukatsitsa anzake pa galimoto yake. Dzuwa linali lisanalowe. Ndinatenga pepala lija pamwamba pa kabati, ndinayala makandulo patebulo la kukhitchini, ndinayatsa nyale, ndinatulutsa galasi langa m'chikwama.

Asanu ndi mmodzi anali owongoka. Ena asanu ndi mmodzi anali ophwatalala mbali imodzi, osalala ngati aphwanyidwa ndi simbi. Anagona pa chinthu chofunda ndi chosalala, galimoto ikugwedezeka. Ndinawatembenuza mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, momwe ndimatembenuzira mitima. Woyamba, palibe. Wachiwiri, kamzere. Wachinayi ndinaima.

Chikombole chilichonse chili ndi nambala yokhomedwa m'mbali mwake. Phula lofewa linalowa m'manambalawo n'kuuma. Pa kanduloyo panali timanambala totukuka, toyang'ana chammbuyo ngati pagalasi. Ndinakamuika pa galasi la m'bafa kuti ndiwerenge bwino, ngakhale ndinali nditawerenga kale.

4471.

Chitsulo chikakhala kuti chinatuluka Lachinayi mu mgolo, sichikanakumana ndi makandulo amene ndinawaika m'bokosi Lachinayi madzulo. Ndipo sichikanakhala chofunda. Chinagona m'kabati yotenthetsera usiku wonse, monga ananenera Don Melitón, ndipo chinatuluka Lachisanu m'mawa, mkuluyo akuimba zeze ku Amealco.

Ndinamva geti la mpanda likulira.

* * *

Rutilio analowa akuimba mluzu, atanyamula buledi wotsekemera m'pepala. Anaona tebulo, nyale, galasi. Mluzu unathera panjira.

"Zotaya izi ukuzisungiranji?"

"Khala pansi."

"Ndatopa, Oti. Tsiku lonse atitsekera ngati mbuzi."

"Khala pansi, uwerenge apa."

Sanakhale, sanawerengenso. Anaika buledi pa firiji mosamala kwambiri, ngati angasweke.

"Wauza ndani?"

Ndiye basi. Sanayese n'komwe kukana. Ndinadikira kuti mtima undipweteke, koma ndinangomva kuzizira m'manja.

"Chili kuti?"

"Chinapita. Pofika pano chili kumpoto, mwina chadutsa kale malire."

"Kwa ndani?"

"Kwa anthu amene sufuna kuwadziwa mayina. Ali ndi malo awo, akufuna kuumba zawo. Akufunanso munthu wodziwa kumanga zikombole. Chaka chikatha ndikupita kumeneko, iwenso ukubwera. Nyumba yathuyathu, Oti, yopanda amayi anga pawindo. Si zomwe wakhala ukulirira?"

"Ndipo mitima yawoyo aziyang'ana ndani? Mng'alu umodzi, phiko limathyoka m'mwamba, m'ndege muli ana a anthu."

"Ndege zimenezo iwe unakwerapo? Zaka makumi awiri ndikumanga zitsulo zawo ndi manja awa, ndipo akafuna kapitawo amatenga kamwana ka ku yunivesite kosadziwa mbali yogwirira sipanala."

"Ndiye wasankha Don Melitón akulipirire."

"Sindinamusankhe! Ndinkadziwa kumene amagoneka chikombole, basi. Za mgolo ndi tsoka lake. Ndi wokalamba, woweruza amumvera chisoni."

"Anatiimbira zeze pa ukwati wathu."

"Anaimba moipa."

Anayesa kuseka. Ataona nkhope yanga anakoka mpando, anakhala, anatsitsa mawu ngati munthu wonyengerera mwana.

"Tamvera, mkazi wanga. Kiyi ndi wa ndani? Amene anasankhidwa kusamalira guwa ndi ndani? Ukapita kwa wapolisi uja, ukuganiza kuti akhulupirira kuti sunkadziwa? Ine ndidzanena kuti unanditsegulira wekha. Tidzalowa tonse. Ndipo ukapulumuka kwa apolisi, anthu ajawo sadzakusiya. Akudziwa nyumba ino. Akudziwa basi imene umakwera." Anatambasula dzanja. "Bweretsa kuno, tiyatse, zipse zithe. Kandulo ntchito yake ndi kuyaka."

Ndinayang'ana dzanja lakelo. Kenako ndinasonkhanitsa makandulo onse n'kumupatsa.

Anapumira m'mwamba. Anatenga mphika wakale, anawaponyamo, anayatsa chitofu. Tinaima tonse awiri kuonerera akusungunuka mpaka anasanduka madzi, zingwe zikuyandama pamwamba. Anandigwira paphewa.

"Ndinadziwa kuti uli ndi nzeru."

Rutilio amadziwa kumanga zitsulo, koma kuwerenga zinthu patebulo si ntchito yake. Ndikanakhala ine ndikanawerenga zingwezo. Zinali khumi ndi chimodzi.

Kunja apongozi anaitana kuti chakudya chapsa, monga amachitira Lolemba lililonse. Ndinati mutu ukundipweteka, apite yekha. Anatenga buledi uja n'kutuluka, ndipo ndinamva akuyambanso mluzu podutsa pabwalo.

* * *

Kwa apongozi sadya msanga. Pali supu, pali mikangano ya mpira, pali khofi. Ndinali ndi ola limodzi ndi theka.

Ndinakhala kaye pabedi ndikuganiza zonse zimene ananena, chifukwa zonse zinali zoona. Kiyi anali wanga. Zepeda akhoza kunditsekera limodzi naye. Fakitale sidzandilandiranso, mkazi wa mbala, ngakhale nditawabwezera chikombole chawo pa mbale. Mpanda uno sudzandikhululukira mpaka imfa. Anthu a kumpotowo ndinalibe chowayankha. Ndinafunafuna khomo lina, mbali zonse, momwe ndimafunira malo abwino pa mtima wosweka. Panalibe. Mtima ukakhala ndi mng'alu suukonza, suupaka, suupempherera. Umaulemba chizindikiro chofiira n'kuuika pambali, chifukwa ukaulola kudutsa, amene adzafe si iwe.

Ndinatsitsa chikwama chabuluu pamwamba pa wadiropu. Ndinaikamo madiresi atatu, juzi, nsapato zantchito, mapepala anga obadwira, chithunzi cha amayi anga. Mchemwali wanga ali ku Morelia, ndipo Rutilio sanafikeko chifukwa amadana ndi mwamuna wake. Galasi langa ndinaliika m'thumba la m'mbali. Chithunzi cha ukwati ndinachisiya pakhoma.

Kandulo uja anali m'kamisolo, momwe ndinamubisa geti likulira. Ndinamutulutsa msanga, kuopa kuti thupi langa lingafewetse manambala. Ndinamukulunga m'thonje, ndinamuika m'kabokosi ka sopo, kiyi wa mkuwa pambali pake.

Basi ya ku tauni imadutsa pa kona 7 koloko. Ndiyambira kwa Doña Chayo, madontho awiri osati atatu, ndigona komweko pa mpando. Mawa Zepeda akamafika ku ofesi andipeza pakhomo, 9 koloko isanakwane.

Ndinatseka zipi. Ndinazimitsa nyale. Podutsa kukhitchini ndinaika kuseri kwa dzanja pa mphika uja. Phula linali litauma kale, ndipo chitsulo chinali chozizira.

Ndinanyamula chikwama n'kutulukira khomo la kuseri.